Lonjezo la Sukulu Yaulere: Kodi Linasungidwa?

Anthu a kwathu ali ndi mau akuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane; ndiko kunena kuti chimene munthu walonjeza pamaso pa anthu chimgwira, chingakhale chimuwawa. Tsono mtsogoleri wa dziko akatsika pampando, kuyenera ife amene tinamva mau ache kuwayesa, osati ndi mkwiyo, kapena ndi chikondi cha chipani, koma monga mphunzitsi ayesa ntchito ya mwana, nachonga pamene wakhoza, nasonyezanso pamene walakwa. Tiyeni tiyese lonjezo limodzi lokha, limene linafika m'mudzi uli wonse wa dziko lino.

Chisanafike chisankho cha pa 17 May 1994, a Bakili Muluzi a chipani cha UDF analonjeza kuti akapambana, ana adzaphunzira sukulu ya pulayimale osalipira kanthu. Anapambanadi, nalowa m'malo mwa a Kamuzu Banda. Ndipo chaka chomwecho fizi inachotsedwa, yunifomu nayonso inaleka kukhala chotsekereza mwana pakhomo la sukulu. Ana olembedwa m'kaundula, amene anali ngati 1.9 miliyoni, anafika pafupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mwana wa mkazi wamasiye, amene kale anatsala kubusa mbuzi chifukwa cha kusowa ndalama, anakhala pamodzi ndi mwana wa kalaliki. Munthu wakukana ichi akana chimene maso a anthu onse anaona. Tikayesa mau amene ananenedwa, lonjezo linasungidwa, ndipo linasungidwa msanga.

Koma ulipo muyeso wina. Kholo lakumva mau akuti sukulu yaulere silinaganizira za fizi yokha iai. Linaona mumtima mwana wache alikuwerenga kalata, nadziwa kuwerengera mtengo wa fodya pamsika. Pano mpamene ntchito inapunduka. Walira mvula walira matope. Ana anadza ngati madzi osefukira, koma nyumba zophunziriramo zinali zomwe zija, mabuku omwe aja. Makalasi ambiri anasonkhana pansi pa mitengo, mvula ikagwa nabalalika. Boma linalemba aphunzitsi atsopano ngati 20,000, ochuluka a iwo osapita ku sukulu ya uphunzitsi. Anawalangiza masabata owerengeka, nawapatsa choko. Maphunziro a MIITEP, owaphunzitsa ali pantchito, anayamba mu 1997, zaka zitatu zitapita. Ife amene tinaphunzira ntchito iyi tidziwa kuti kuphunzitsa mwana wa Sitandade 1 kutchula a, e, i, o, u ndi luso lofuna kuliphunzira. Ndipo mnyamata wosazolowera, wokhala ndi ana oposa 100 pamaso pache, angathe kuwasunga chete, koma kuti amve kuwerenga kwa mmodzi mmodzi, nkosatheka. Chotero ambiri analowa, koma ambirinso analeka asanafike Sitandade 8.

Ena ati kukadakhala bwino kuyamba ndi kumanga nyumba ndi kukonza aphunzitsi, ndi kuitana ana pambuyo. Ine sindivomerezana nao. Mwana wa zaka 6 sadikira njerwa; akula, ndipo nthawi yache ikapita siibwerera. Kutsegula khomo kunali kolungama. Cholakwa chinali chakuti lonjezo linatchula chokoma, nilikhala chete pa mtengo wache.

Chiweruzo changa tsono ndi ichi: a Muluzi anasunga lonjezo limene ananena ndi pakamwa, ndipo pa ichi ayenera kuyamikidwa, koma lonjezo limene makolo anamva m'mitima mwao linakwaniridwa mwa theka. Woweruza bwino asunge mbali zonse ziwiri, pakuti wakuona imodzi yokha achita monga wogula woyesa ndi muyeso wonyenga.

Chifukwa chache, abale, wofuna mpando akadzafikanso pabwalo la kwanu ndi malonjezo ache, musafulumire kuomba m'manja. Mumfunse mwaulemu zinthu zitatu: adzagwira ntchitoyo ndani, ndalama zidzachokera kuti, ndipo tidzaona chipatso chache liti. Wakuyankha izi momveka, mau ache muwalembe, kuti pakutha zaka 5 mudzakhale nacho choyesera.