Luso la Ofufuza Nkhanza Zochitira Ana

Mwa ntchito zonse zimene anthu agwira pansi pa thambo, n'zochepa zofuna kuleza mtima monga ya mlangizi woona za chisamaliro cha ana, amene, mbiri ya nkhanza ikamfika pa lamya ya 116 kapena kuchokera kwa mphunzitsi wodera nkhawa, sathamangira kuweruza, koma ayamba wafunsa ngati mwanayo angagone mosaopa usiku womwewo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono iye akhala pansi ndi mwana, kutali ndi woganiziridwa kuti wamchitira nkhanza, namfunsa mofatsa osamuika mawu m'kamwa, pakuti umboni wochita kuuzidwa sulimba pamaso pa woweruza.

Ku Chikwanekwane cha pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, dokotala, wapolisi ndi mlangizi asonkhana m'nyumba imodzi, kuti mwana asanene chisoni chake khomo ndi khomo, ndiponso kuti wogwiriridwa alandire mankhwala oteteza ku HIV maola 72 asanathe. Lamulo loteteza ana la 2010 lilola kumchotsa mwana pakhomo pamene pali zoopsa. Komabe mlangizi wanzeru, ndipo apa m'pamene ndimlemekeza koposa, ayamba wafunafuna azakhali kapena agogo okhoza kumsunga.