Peresenti yopanda malire ndi umboni wosakwanira

Mu 2016 kafukufuku wa bungwe la INDE anapeza kuti ana 4.9 okha pa 100 alionse a kalasi yachitatu ndiwo ankawerenga Chipwitikizi pa mlingo woyenera. Nambalayi imatchulidwa kawirikawiri pofuna kuonetsa kufunika kwa maphunziro a zilankhulo ziwiri, amene anayesedwa koyamba ku Tete ndi ku Gaza pansi pa PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997. Koma inachokera pa gulu la ana osankhidwa, ndipo ikunena za dziko lonse, osati za Lichinga kapena Niassa payokha.

Vuto lalikulu lili m'malipoti ang'onoang'ono amene amayankha nambalayi ndi peresenti inanso yosawunikidwa. Mwachitsanzo, lipoti likhoza kunena kuti ana opitirira theka amawerenga Chinyanja bwinobwino, chifukwa mwa ana 40 oyesedwa, 24 anakhoza. Amenewo ndi 60 peresenti. Koma akanayesedwa ana ena 40, nambala ikanasintha. N'chifukwa chake peresenti yotere imafuna malire ake, amene m'Chipwitikizi amatchedwa intervalo de confiança.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Kuchulukitsa 0.6 ndi 0.4, kugawa ndi 40, n'kupeza raiz quadrada, kumapereka 0.077. Kuchulukitsa imeneyi ndi 1.96 kumapereka pafupifupi 15 peresenti. Choncho, pa chitsimikizo cha 95 peresenti, malire ndi 45 mpaka 75. Nambala 50 ili mkati mwa malirewo, ndiye mawu akuti "opitirira theka" alibe umboni wokwanira. Koma ana 240 akakhoza mwa 400, peresenti ikhalabe 60, malire n'kukhala 55 mpaka 65, ndipo pamenepo mawuwo ali ndi maziko.

Ngakhale malire ochepa sachiritsa kusankha kokondera. Ana 400 a m'sukulu zofikirika mosavuta za ku Lichinga sangaimire ana a m'mbali mwa nyanja ku Metangula kapena Cobué, m'boma la Lago, kumene Chinyanja chimalankhulidwa kwambiri. Komanso ana a kalasi imodzi amafanana chifukwa mphunzitsi ndi mabuku ndi amodzi, kotero malire enieni amakhala otakasuka kuposa amene awerengedwa pamwambapa.

Kukokomeza zotsatira kumapweteka pulogalamu yomwe olemba akufuna kuiteteza. Chaka chotsatira nambala ikatsika kufika pa 50, makolo ndi akuluakulu a maphunziro adzati maphunziro a zilankhulo ziwiri alephera, pomwe kusiyanako kungakhale kwamwayi chabe. Mphunzitsi wolandira lipoti ayenera kufunsa kuti anayesedwa ana angati, anasankhidwa bwanji, m'sukulu zingati, ndipo malire a peresentiyo ndi ati. Lipoti losayankha mafunso amenewa lisagwiritsidwe ntchito posankha chilankhulo chophunzitsira ana.