Kutsata mapazi a machona: zimene buku la a Groves lingatipatse, ndi zimene silingathe

Funso limene likumveka kawirikawiri tikakumana, makamaka kuchokera kwa ana athu obadwira kuno ku Britain, ndi lakuti kodi munthu wofuna kudziwa mbiri ya banja lake ayambire pati. Ambiri aonerako pulogalamu ya BBC ija ya Who Do You Think You Are?, imene inayamba mu 2004, mmene munthu wotchuka amalowa m'nyumba yosungira zikalata n'kutulukamo ndi dzina la agogo a agogo ake. Ena ayesa kulemba Phiri kapena Banda pa Ancestry ndi FamilySearch, n'kubwerako chimanjamanja.

Sikuti ana athuwo ndi aulesi ayi. Malangizo a oyamba kumene amene ali pa intaneti analembedwera anthu a mapepala. Ku England boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira mu 1837, ndipo mayina a anthu nyumba ndi nyumba alipo kuyambira kalembera wa 1841. Wa ku America amapeza agogo ake pa mndandanda wa okwera sitima zofikira pa Ellis Island. Kwathu lamulo la 1904 linkakakamiza kulembetsa ana a azungu ndi amwenye okha, ndipo kulembetsa mwana aliyense kunayamba kugwira ntchito mu 2015. Agogo athu sanakwere sitima ya pamadzi. Anayenda wapansi, ena kudutsa ku Tete, ena ku Chipata, kupita ku Halale ndi ku Joni.

N'chifukwa chake ndinachita chidwi ndi buku la a Zoë Groves lotchedwa Malawian Migration to Zimbabwe, 1900-1965: Tracing Machona, limene linatuluka mu 2020 ku kampani ya Palgrave Macmillan. Mawu akuti machona tonse timawadziwa. Ndi aja anapita kukafuna ndalama ya msonkho, ya bulangeti ndi ya njinga, makalata n'kusiya kubwera, akazi awo n'kukalambira pa khomo akudikira. Sanali ochepa. Komiti ya boma la atsamunda ya 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko. Kwathu ku Dedza, mchimwene wa agogo anga aakazi ndi mmodzi wa amene anachona, ndipo ndinawerenga bukuli ndi funso limodzi basi: kodi lingamuthandize munthu ngati ine kupeza m'bale wake?

Ndiyambe ndi kuyamikira. Bukuli limachotsa machona m'gulu la manambala n'kuwaonetsa ngati anthu amene anamanga moyo mu mzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare. A Groves anafufuza m'zikalata za boma komanso anacheza ndi anthu, ndipo timaona kuti amene kumudzi ankatchedwa otayika aja, kumeneko anali ndi mipingo yawo, magule awo, mabungwe awo ndi ndale zawo. Amakambanso za amayi, amene nkhani zambiri za ulendo wa ku Halale zimawaiwala ngati kuti onse anatsala kumudzi akulima.

Phindu la zimenezi kwa wofufuza ndi lalikulu. Munthu amene sanasiye dzina m'buku la boma anasiya mapazi pamene ankasonkhana ndi anzake. Mishoni ya Dutch Reformed inayamba kutsatira akhristu a ku Nyasaland ku Salisbury mu 1912, ndipo pa maziko amenewo ndi pamene panakula sinodi ya CCAP ya Harare. Pamene pali mpingo pali mabuku a ubatizo ndi a maukwati, ndipo mkhristu wosamuka ankayenda ndi kalata yochokera ku mpingo wa kwawo. Ayao anali ndi mizikiti yawo. Achewa anapita ndi Gule Wamkulu, amene mpaka lero amavinidwa m'makomboni ena a ku Zimbabwe. Panalinso mabungwe a maliro, amene ankafuna kudziwa kuti munthu kwawo n'kuti. Ukatha kuwerenga, funso lako limasintha. Sufunsanso kuti dzina lawo lili pa kompyuta iti, koma kuti ankapemphera kuti, ankavina ndi yani, anawaika m'manda ndi anthu ati.

Tsono zodandaula nazo zilipo. Choyamba, mawu akuti Tracing Machona asakunamizeni. Ili si buku la mayina kapena la malangizo. Ndi buku la ku yunivesite, m'Chingerezi cha ku yunivesite, pa mtengo wa ku yunivesite. Adzukulu a machona a ku Mbare ndi ku Mufakose, amene nkhaniyi ndi yawo, ndi angati angaligwire m'manja? Inetu ndinachita kubwereka ku laibulale, ndipo ndikukulangizani kuchita chimodzimodzi.

Chachiwiri, maso a bukuli ali pa tauni. Koma anthu athu ochuluka zedi anathera m'mafamu a fodya ndi m'migodi monga ya malasha ya ku Wankie, imene lero ndi Hwange. Ngati akuluakulu kwanu amatchula Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za ku Rhodesia, kapena magalimoto a Ulere, mwina m'bale wanu mzinda anangoudutsa. Za m'migodi ya ku Rhodesia muzipeza bwino m'buku la Charles van Onselen la 1976 lotchedwa Chibaro. Ngati amatchula Wenela kapena Theba, ulendo wanu ndi wa ku South Africa, ndipo zikalata zakale za TEBA zimasungidwa ku University of Johannesburg.

Chachitatu, nkhani yaikulu ya bukuli ithera mu 1965, pamene bala lenileni linatseguka pambuyo pake. Mu 2001 Zimbabwe inasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane. Anthu obadwira komweko, oti Malawi sanamuonepo n'kamodzi komwe, anapezeka ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo, ena opanda chitupa n'chimodzi chomwe. Ndi nthawi imeneyo imene Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mfunda. Alibe mfunda eti, a Phiri, a Mwale, a Nkhoma? Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo ndi la dziko la SADC, ndipo Malawi anavomereza unzika wa mayiko awiri posintha lamulo mu 2018. Koma ofesi iliyonse imafuna umboni. Kwa abale amenewa, kudziwa mudzi wa agogo si masewera a Loweruka madzulo.

Nanga tiyambire pati? Ku ntchito kwathu, wodwala akafika sitithamangira kumujambula. Timayamba ndi kufunsa, ndipo mafunso ndi amene amatiuza choti tiyeze. Pano n'chimodzimodzi. Imbirani munthu wamkulu kwambiri amene watsala ku banja kwanu, mupemphe chilolezo, mujambule mawu ake pa foni. Kumene kuli chikamwini mudzi ndi wa amayi, choncho pitani kwa amalume ndi kwa agogo aakazi, musangotsata dzina la bambo monga mmene mafomu a pa intaneti amafunira. Funsani mayina onse a munthuyo, la ubwana, la ku chinamwali, la ubatizo ndi la ku ntchito, chifukwa ambiri analembedwa ndi dzina limene kalaliki kapena bwana anawapatsa. Funsani mfunda, nyakwawa, mfumu yaikulu ndi boma, poti pa zitupa ndi m'mabuku a msonkho munthu ankadziwika ndi zimenezi. Chaka akachiiwala, funsani ngati anachoka njala ya 1949 isanagwe kapena itadutsa, nthawi ya chitaganya kapena titalandira ufulu mu 1964. Mukakhala ndi zimenezi m'manja, ndiye mungalembere ku nyumba yosungira zikalata ya boma ku Zomba, ya ku Harare, kapena kwa abusa.

Ndasamalira okalamba ambiri, ndipo ndaona mmene mayina amathawira m'mutu munthu akadali moyo. Mapepala a ku Zomba akhoza kukudikirani zaka zina khumi, koma agogo sangatero.

Buku la a Groves ndi labwino, ndipo aliyense amene ali ndi mtchona m'banja aliwerenge. Silikupatsani dzina la m'bale wanu. Likupatsani mzinda umene anakhalamo ndi zitseko zoti mugogodepo. Pempho langa kwa a komiti ndi lakuti tigule limodzi la bungwe loti tizibwerekana, ndipo amene Chichewa chimawayenda bwino atifotokozere mutu umodziumodzi m'magazini ino, kuti ndi abale a ku Harare omwe awerenge nawo.