Kodi Aliyense Ali ndi Choona Chake?

Pali mau ena amene afala pakati pathu masiku ano, ndipo pomveka amakhala ngati a nzeru. Timaŵamva pa maliro, pamene abale a mipingo yosiyana akhala pa mphasa imodzi. Timaŵamva m'minibasi, ngakhalenso ku mphakati. Mkangano ukayamba kutentha, wina amaudula ponena kuti: "Tiyeni tizisiye, aliyense ali ndi choona chake. Chimene inu mukhulupirira ndi choona kwa inu, chimene ine ndikhulupirira ndi choona kwa ine." Anthu amagwedeza mutu, nkhani nkuthera pomwepo. Mau ameneŵa nkofunika kuŵaunika bwino, popeza ana athu akukula akuŵamva, ndipo ena ayamba kuŵayesa gawo la Mthenga Wabwino.

Tiyambe ndi kuvomera zabwino zake. Kaŵirikaŵiri amene amanena mauŵa ndi anthu okonda mtendere. M'banja limodzi mumapezeka Mkatolika, wa CCAP, wa Seventh Day ndi mlamu Msilamu, onse akudya nsima ya mphika umodzi, ndipo palibe wofuna kuti chibale chithe chifukwa cha mkangano wa chipembedzo. Eklezia nayenso sakana zimenezi. Pa 7 Disembala 1965 Msonkhano Waukulu wachiŵiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata chotchedwa Dignitatis Humanae, chimene chidaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe ndi boma kapena ndi wina aliyense pa nkhani ya chipembedzo, chifukwa cha ulemu umene ali nao monga munthu. Koma chikalata chomwecho chidanenanso kuti munthu aliyense ali ndi udindo wofunafuna choona, ndi kuchitsata akachipeza. Tsono munthu safunafuna chinthu chimene ali nacho kale m'manja. Ngati choona ndi chilichonse chimene mtima wavomera, ndiye kuti palibenso chofunafuna.

Ganizo limeneli ndi lakalekale. Zaka zoposa 400 Yezu asanabadwe, ku Greece kudali mphunzitsi dzina lake Protagoras, amene ankaphunzitsa kuti chimene chioneka choona kwa munthu ndicho choona kwa iyeyo. Plato adamuyankha mwachidule: ngati zili choncho, ndiye kuti munthu amene akhulupirira kuti Protagoras adalakwa nayenso akunena zoona, motero chiphunzitsocho chikudzigwetsa chokha. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adafotokoza kuti choona chimakhalapo pamene zimene zili m'maganizo zagwirizana ndi chinthu monga chiliri. Mlimi aliyense amadziŵa zimenezi ngakhale sadapite ku seminale. Akapita kukagulitsa thumba la soya la makilogalamu 50, wogula nkunena kuti lakwana 42, mlimiyo sanena kuti, "Chabwino, ndi choona chanu." Amafuna sikelo ina. Amadziŵa kuti thumbalo lili ndi kulemera kumodzi kokha, kaya wogula akhulupirire zotani.

Dziko lathu lomwe lino lidaphunzira phunziro limeneli ndi misozi. Mu Meyi 1983 nduna zitatu za boma, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa nyumba ya malamulo a David Chiwanga, adapezeka atafa m'galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza. Mtundu wonse udauzidwa kuti adafa pa ngozi ya pamseu. Kwa zaka zoposa khumi imeneyi ndiyo idali nkhani yololedwa kunenedwa poyera, ndipo padali anthu amene adaikhulupirira ndi mtima wonse. Mu 1994 boma latsopano lidakhazikitsa bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woŵeruza Mtegha, ndipo lidapeza kuti anthu anayi aja adachita kuphedwa, mitembo yao nkuikidwa m'galimoto. Nzoona kuti mu 1995 khoti lidamasula amene adaimbidwa mlandu wolamula chiŵembucho. Komabe chimene chidachitika ku Thambani chidachitika mwa njira imodzi yokha, ndipo sichidasinthe pa zaka zonse zija anthu ankamva zina. Akulu adati mlandu suola. Kodi tingalimbe mtima kuuza akazi amasiye ndi ana a anthu aja kuti boma lidali ndi choona chake, iwonso chao?

Apa ndi pamene tiwona amene amapindula choona chikasanduka maganizo chabe a munthu. Pamene palibe sikelo yoti onse aimvere, mau a wamphamvu ndiwo amapambana, ndipo wosauka amasala wopanda kodandaula. Pilato adafunsa Ambuye Yezu kuti choona nchiyani, koma sadadikire yankho. Adatuluka, navomera pamaso pa anthu kuti sadapeze cholakwa mwa Iye, kenaka adampereka kuti akapachikidwe. Maepiskopi athu adatsata njira ina. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika mudaŵerengedwa kalata yao yonena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha oletsa anthu kulankhula. Boma lidati kalatayo njoukira. Maepiskopi adafunsidwa mafunso ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko muno. Iwo akadakhulupirira kuti aliyense ali ndi choona chake, sakadaika moyo wao pa chiswe. Adalemba chifukwa ankadziŵa kuti kutsekera munthu wosalakwa nkoipa, kaya wotsekerayo aganize zotani. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalaŵi adavotera ulamuliro wa zipani zambiri.

Ena amati chofunika nchakuti munthu akhulupirire ndi mtima woona. Koma mtima woona ungathe kukhulupirira bodza. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa idafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu chifukwa cha mantha, ndipo anthu angapo osalakwa adaphedwa ndi makamu okwiya. Ambiri mwa amene adanyamula miyala sankanamizira. Mantha ao adali enieni. Chimene chidasoŵa ndi munthu wofunsa kuti: kodi zimenezi zilikodi? Ndani waona? Chikumbumtima chiyenera kutsatidwa, inde, komanso chiyenera kuphunzitsidwa, chifukwa chikumbumtima chosaunikiridwa chingathe kupha mlendo nkumayesa kuti chateteza mudzi.

Wina anganene kuti: zonsezi ndi zinthu zooneka ndi maso, koma za chikhulupiriro nzina, poti Mulungu sitingamuike pa sikelo. Funsoli nlolemera, ndipo tisalipeputse. Nzoonadi kuti za Mulungu sitizidziŵa monga tidziŵira kulemera kwa thumba. Timazilandira kudzera mwa mboni, mwa nzeru zathu, ndi mwa chaulere cha Mulungu mwini. Komabe kuvuta kwa kudziŵa chinthu sikusandutsa chinthucho kukhala chopangidwa ndi maganizo athu. Paulo Woyera adauza Akhristu a ku Korinto kuti ngati Khristu sadauke, chikhulupiriro chao nchachabe. Iye sadaŵatonthoze kuti bola akhulupirire. Ife timati Yezu adafa pamtanda nauka; abale athu Asilamu amaphunzitsa kuti sadapachikidwe konse. Ziŵirizi sizingakhale zoona pamodzi. Msonkhano wa ku Vatican uja, m'chikalata cha Nostra Aetate cha pa 28 Okutobala 1965, udalankhula za Asilamu mwaulemu waukulu, popanda kubisa kuti tisiyana. Ndipo Msilamu wopemphera kasanu pa tsiku sangakondwe kumva kuti chipembedzo chake nchoona kwa iye yekha, monga ndiwo imene munthu aikonda. Timampatsa ulemu woposa tikamva mau ake ngati mau a munthu amene akunena za zinthu zenizeni, ngakhale pamene sitigwirizana naye.

Pali ngozi inanso kumbali inayi, ndipo ndiyo imene imathamangitsira anthu ambiri ku mau amene tikuŵaunikaŵa. Alipo anthu amene, atamva kuti choona nchimodzi, amayesa kuti iwo ndiwo eni ake, nayamba kukantha nacho anzao. Choona nchachikulu kuposa aliyense wa ife, ndipo chimaŵeruza wansembe ndi episkopi monga chiŵeruzira mfumu. Mu 1633 oŵeruza a Eklezia ku Rome adatsutsa Galileo Galilei chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuŵa. Dziko silidaleke kuzungulira chifukwa cha chigamulo chao. Pa 31 Okutobala 1992 Papa John Paul wachiŵiri adavomera poyera kuti akatswiri a zaumulungu a nthaŵi ija adalakwa posasiyanitsa Malembo Oyera ndi kamasuliridwe kao ka Malembowo. Kuvomera kotere kumatheka kokha kwa munthu amene akhulupirira kuti choona chili pamwamba pake. Wonena kuti aliyense ali ndi choona chake sangalakwe, motero sangalapenso, ndipo sangaphunzire kanthu kwa mnzake.

Nanga m'mabanja mwathu tichite chiyani? Mwana akabwera kuchokera ku sukulu ndi mau aŵa, tisamkalipire. Timfunse ngati angavomere kuti mphunzitsi amlembere 30 pamene wakhoza 70. Akabwera ndi nkhani yotumizidwa pa WhatsApp, timzoloŵeze kufunsa kumene yachokera asanaitumize kwa ena. Akatifunsa chifukwa chake timakhulupirira Ukaristia, tisamyankhe kuti ndi za mpingo wathu basi; timfotokozere, ndipo ngati mau atichepera, tipite naye kwa akatekisiti kapena kwa bambo mfumu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koposa zonse, ana atiwone tikunena zoona pa zinthu zazing'ono: pa ngongole, pa malire a munda, pa umboni wa kubwalo kwa amfumu. Ndipo pa maliro paja, mkangano ukatentha, tingathe kuudula popanda kunama. Tingati: "Abale, pano tasiyana, ndipo tonse sitingakhale olondola. Lero tiyeni tilire m'bale wathu. Nkhaniyi tidzakambirana tsiku lina mwachifatse."