Kutseka kabowo ka mu mtima: kafukufuku wabwino, koma sakukamba za odwala ambiri a ku Mzimba

Mwana akakhala m'mimba, pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima wake pamakhala kabowo. Akabadwa kamatsekeka, koma mwa munthu mmodzi pa anayi alionse sikatsekeka konse. Madokotala amakatcha patent foramen ovale, mwachidule PFO. Ambiri amakalamba nako osadziwa. Vuto limabwera magazi oundana akadutsira pakabowopo n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu n'kudwala sitiroko.

Mu 2017, magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa magulu atatu, CLOSE, REDUCE ndi RESPECT, pa njira yotseka kabowoka popanda kung'amba chifuwa. Dokotala amalowetsa kapaipi mumtsempha wapamwamba pa ntchafu mpaka kukafika mu mtima, n'kusiya kotsekera kooneka ngati timaambulera tiwiri, uku akuona zonse pa makina ounikira a ultrasound. Mu CLOSE, wochitikira ku France ndi Germany, mwa odwala 238 otsekedwa kabowo panalibe amene anadwalanso sitiroko, pomwe mwa 235 omwa mankhwala okha, 14 anadwalanso.

Zotsatirazi n'zodalirika, chifukwa odwala ankaikidwa m'magulu mwamaere ndipo ankatsatiridwa kwa zaka zingapo. Koma wowerenga aone amene analoledwa kulowa. Anali osapitirira zaka 60, ndipo zifukwa zina zonse za sitiroko zinali zitafufuzidwa osapezeka. CLOSE inatenga okhawo amene kabowo kawo kankadutsitsa magazi ambiri kapena khoma lapakati linali lolobodoka. Palinso chiopsezo: mu REDUCE, 6.6 peresenti ya otsekedwa kabowo mtima wawo unayamba kugunda mosokonekera, poyerekeza ndi 0.4 peresenti ya enawo.

Odwala oterewa si amene amadzaza mabedi pa chipatala cha boma cha Mzimba kapena cha mishoni cha Embangweni. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anayerekeza odwala sitiroko 222 ndi anthu ena 503. Anapeza kuti kuthamanga kwa magazi ndiko kunali patsogolo, kenako HIV, imene inali chifukwa chachikulu mwa achinyamata, makamaka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba kumwa ma ARV. Choncho mayi wa zaka 35 akafika kuchokera ku Edingeni atafa mbali imodzi, PFO si funso loyamba. Ngakhale kabowo katapezeka, si umboni woti ndiko kayambitsa, poti kalinso mwa anthu ambiri athanzi. Kuthamangira kumeneko kungachititse banja kugulitsa ng'ombe kuti likafune thandizo kunja, BP ili chikwerere.

Izi sizikutanthauza kuti kuunika mtima kulibe ntchito kuno. Makina omwewo amaonetsa mavavu a mtima oonongeka ndi rheumatic heart disease, matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa, amenenso amabweretsa sitiroko. Kafukufuku wa ku Lilongwe wa mu 2016 anaunika ana 1,450 ndipo 3.4 peresenti anali ndi zizindikiro zake asanayambe kudwala. Ku Gulu, m'dziko la Uganda, kafukufuku wa GOAL anaonetsa kuti jakisoni wa penisilini pa masabata anayi alionse amathandiza: pa zaka ziwiri matendawa anakula mwa 0.8 peresenti ya ana obayidwa, koma mwa 8.2 peresenti ya osabayidwa. Jakisoni ameneyu angabayidwe pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, bola mankhwala asasowe ndipo mwana azitsatiridwa.

Kafukufuku wa PFO ayenera kuyamikiridwa pa funso lake, koma asasinthe ndondomeko ya ntchito m'boma la Mzimba. Wodwala sitiroko afulumizitsidwe kuchipatala, ayezedwe BP, shuga ndi HIV, amvedwe kugunda kwa mtima, ndipo akaunikidwe mavavu, ngakhale zitafunika kumutumiza ku Mzuzu Central Hospital. Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya ali ndi gawo lalikulu kuposa kapaipi: kulondola amene asiya mankhwala a BP, ndi kuuza makolo kuti mwana wa zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.