Ndani Ayeze Khalidwe la Elizabeth?

Mu 1971 Bessie Head anagonekedwa pa chipatala cha odwala maganizo ku Lobatse, makilomita pafupifupi 70 kum'mwera kwa Gaborone, atamata chikalata pa positi ofesi ya ku Serowe chonamizira Pulezidenti Seretse Khama zinthu zonyansa. Mu 1973 anatulutsa buku la *A Question of Power*, mmene mayi wina, Elizabeth, amazunzidwa usiku ndi usiku ndi masomphenya a Sello, Dan ndi Medusa. Buku lotere limamuyesa wowerenga kuti avale chovala cha dokotala n'kuyamba kutchula matenda. Ndikutsutsana ndi kawerengedwe kameneka, makamaka pamene dzina lotchulidwalo ndi personality disorder.

Masomphenya a Elizabeth ndi kusokonezeka mutu kumene kumabwera n'kupita. Personality disorder ndi nkhani ina: dokotala amakhala akunena kuti vuto lili m'khalidwe lokhazikika la munthuyo, mmene amadzionera ndi mmene amakhalira ndi anzake. Buku la madokotala a ku America, DSM-5 la mu 2013, limatchula mitundu khumi, ndipo muyeso wake ndi wakuti khalidwelo lapatuka kwambiri pa zimene chikhalidwe cha munthuyo chimayembekezera.

Nanga chikhalidwe cha Elizabeth n'chiti? Monga Head mwiniwake, amene anabadwa mu 1937 m'chipatala cha odwala maganizo ku Pietermaritzburg, ndi mwana wa mayi wachizungu ndi bambo wakuda, m'dziko limene linkaona chikondi chotero ngati chonyansa. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni akumuchenjeza ali mtsikana kuti angapenge ngati amayi ake. Ku Botswana ndi wothawa kwawo, Chitswana sachidziwa. Head anafika mu 1964, koma boma la ku Gaborone linamupatsa unzika mu 1979. Munthu wokhala zaka 15 wopanda dziko akamakayikira aliyense, kupsa mtima msanga ndi kuopa kutayidwa, kodi chadwala ndi khalidwe lake, kapena akungowerenga bwino malo amene ali? Mlendo sathyola mphasa, inde, koma uyu mphasayo sanamuyalire n'komwe.

Apa bukuli linawatsogolera madokotala. ICD-11 ya bungwe la WHO, imene inayamba kugwira ntchito mu 2022, inasiya kugawa anthu m'mitundu yambirimbiri. Imafunsa makamaka kukula kwa vutolo, ndipo imachenjeza kuti zimene gwero lake ndi chikhalidwe kapena mikangano ya ndale zisatchedwe matenda. Chenjezolo lafika mochedwa. Mu 1953 WHO yomweyo inasindikiza buku la J.C. Carothers, amene anagwirapo ntchito pa chipatala cha Mathari ku Nairobi, munthu amene ankafanizira maganizo a Mwafirika ndi a mzungu woduliridwa mbali ya ubongo. Dokotala wa m'buku la Head ndi mbale wake wa Carothers: mzungu watsankho, amene Elizabeth akumusiya aganize kuti akugwirizana naye kuti atuluke.

Sindikunena kuti matendawa kulibe. Alipo anthu odzicheka ndi osweka maubale chaka ndi chaka, ndipo chithandizo chokambirana, monga chimene anakonza Marsha Linehan, chathandiza ambiri. Bukulinso lili ndi zofooka zake: gawo la Dan ndi akazi ake limabwerezabwereza mpaka wowerenga kutopa.

Koma taonani Elizabeth masana. Ali kudimba ndi Kenosi, akuyeza mizere, akubzala ndiwo, akulera mwana wake. Ubwenzi wawo sugwedezeka. Akachoka kuchipatala, Kenosi akumudikira ndi kabuku ka malonda a kudimba. Amene akufuna kuti Elizabeth akhale ndi khalidwe lodwala ayenera kudumpha masamba amenewa, ndipo ndi omwe analembedwa bwino koposa m'buku lonse.