Phiri Lomwe Ruisdael Anadziumbira

Anthu ambiri amatama Jacob van Ruisdael kuti ankajambula dziko la Netherlands ndendende monga linalili. Kutamako kukuphonya pomwe pagona luso lake. Katswiriyu, yemwe anabadwira ku Haarlem cha m'ma 1628 n'kumwalira mu 1682, anakulira m'banja la utoto: bambo ake Isaack ankapanga mafelemu a zithunzi, ndipo mchimwene wa bambowo, Salomon van Ruysdael, anali wojambula wotchuka wa mitsinje. Pofika 1648 anali atalowa kale m'bungwe la akatswiri ojambula la ku Haarlem. Chomwe anaposera anzake n'chakuti ankanena zoona pa zinthu zing'onozing'ono, monga khungwa la mtengo ndi kayendedwe ka mtambo, kuti apeze ufulu wosintha zikuluzikulu.

Umboni wake sukusowa. Cha m'ma 1650 anapita kukaona linga la Bentheim, kutsidya kwa malire ku Germany. Lingalo lili pa chitunda chosatalika kwenikweni, koma m'chithunzi cha 1653, chomwe chikusungidwa ku Dublin, analikweza pamwamba pa phiri lalikulu lankhalango. Pojambula manda a Ayuda a ku Ouderkerk, pafupi ndi Amsterdam, ziliza anazitenga zenizeni, zomwe zilipo mpaka lero, koma mabwinja aatali, mtsinje wothamanga pakati pa manda ndi utawaleza anaziikamo yekha, pakuti malowo ndi chigwa chathyathyathya. Atasamukira ku Amsterdam cha m'ma 1656 anajambula mathithi ambiri onga a ku Norway, potengera zithunzi za Allart van Everdingen yemwe anakafikako mu 1644.

Wina anganene kuti limeneli ndi bodza basi, kuti wojambula malo akasuntha phiri wanamiza wogula chithunzi. Mfundoyi ikanamveka Ruisdael akanakhala wolemba mapu. Koma chomwe iye ankalonjeza si kulozera munthu njira ya ku Bentheim, ndi kumuonetsa momwe chilengedwe chimakhalira, ndipo pamenepa sananame. Mitengo yake akatswiri a zomera amatha kuitchula mayina, kusiyanitsa wathundu ndi unzake poona masamba ndi kapindikidwe ka nthambi, pomwe ojambula ambiri a nthawi yake ankangopaka chitsamba chobiriwira chopanda mtundu. Taonani chithunzi chake cha mzinda wa Haarlem cha m'ma 1670. Thambo latenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nsalu yonse, mzindawo n'kamzera chabe komwe tchalitchi cha St Bavo chatumphuka. Kuwala sikunagwe paliponse mofanana: kwadutsa pa mpata wa mitambo n'kutera pa nsalu zoyera zoyanikidwa m'mizere pa udzu, munda woyandikana nawo uli mumthunzi. Diso likangokhulupirira kuwala kotere, limavomera ndi zina zonse zomwe wojambula wakonza. Choncho kulondola kwake ndi kupeka kwake sizikulimbana, chimodzi ndi maziko a chinzake.

Chodandaula china n'chakuti anthu ndi ziweto m'zithunzi zake zina ankajambulamo ndi anzake, monga Adriaen van de Velde, ndiye kuti luso lake linali loperewera. N'zoona kuti kujambula thupi la munthu sikunali mbali yake yamphamvu, koma kugawana ntchito kotere kunali mwambo pakati pa ojambula a nthawiyo. Chofunika n'chakuti malo omwe ankawasiyira anthuwo anali ochepa mwadala. Pa chithunzi cha chigayo choyendera mphepo cha ku Wijk bij Duurstede, amayi oyenda m'mbali mwa mtsinje ndi tianthu tating'ono, pomwe chigayocho chaima ngati mfumu pabwalo, chikuyang'anizana ndi mitambo yakuda. Mwini nkhani ndi mphepo, madzi ndi thambo, m'dziko lomwe anthu ake ankakhala polimbana ndi zinthu zomwezo.

N'chifukwa chake mlembi wa ku Germany Goethe, polemba za iye mu 1816, anamutenga ngati mlakatuli, ndipo wojambula John Constable wa ku England ankakopera zithunzi zake kuti aphunzirepo. Onsewa anaona kuti wojambula malo sayesedwa pofunsa ngati phiri lake lilipodi, koma ngati akudziwa chilengedwe mokwanira kuti phiri lomwe wapeka liime osagwa.